Opaleshoni yochotsa mphaka zikhadabo: anandilandira bwino, koma sindingabwererenso

Akanandifunsa patangopita mwezi umodzi, chipatala cha ziweto chimene chinachotsa mphaka wanga zikhadabo ndikanachipatsa nyenyezi zonse zisanu pa tsamba lolembapo ndemanga, n'kuwonjezeranso mawu othokoza pansi pake. Papita zaka 9 tsopano, ndipo maganizo anga ndikulemba lero. Dzina la chipatalacho sinditchula, chifukwa chimene chikundiwawa si khalidwe la anthu a pamenepo. Ndikunena za ntchito yeniyeniyo, kulikonse kumene amaigwira.

Mphaka wanga ndi Phulusa, dzina limene analipeza chifukwa cha ubweya wake wotuwa. Tinamutenga ali kamwana kokwana m'manja. Pomafika miyezi 6 anali atasandutsa mpando wathu watsopano wa sofa kukhala munda wake. Mbali yotsamirako mkono inali nyakanyaka, ulusi uli lendelende, ndipo makatani ankawakwera mpaka pamwamba ngati mtengo. Zonsezo ndinkapirira. Tsiku lina anakala mwana wanga wamkazi patsaya, pafupi kwambiri ndi diso. Kunena zoona, woyamba anali mwanayo, anamukoka mchira ali mtulo. Koma mayi ukaona magazi pafupi ndi diso la mwana wako suyamba n'kuzenga mlandu. Usiku umenewo bambo a kunyumba sanachulutse zonena: "Mphakayu achoke, apo ayi zichoke zikhadabozo."

Tinali titapangana kale ndi achipatala za tsiku lokamutseka kuti asabereke. Nditafika anandipatsa fomu. Pansi pa mzere wa opaleshoni imene ndinabwerera panali kabokosi kena kochonga, kolembedwa kuti kuchotsa zikhadabo za mapazi akutsogolo. Mtsikana wa pakauntala, waulemu kwambiri, anaona kuti maso anga aima pamenepo ndipo anati, "Ambiri amachitira limodzi, mayi. Mphaka amagonekedwa kamodzi kokha." Ndinafunsa mafunso awiri. Agona masiku angati kuno? Awiri. Zidzameranso? Ayi, sizimeranso. Ndinachonga, n'kusayina.

Amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa ndithu, kungoti yankho lachiwirilo linandisangalatsa mpaka sindinaganize kawiri. Zikhadabo zanga ndimawenga sabata iliyonse ndipo zimameranso. Nanga za mphaka angazichite chiyani kuti zisadzamerenso moyo wake wonse? Funso limeneli linandibwerera patapita zaka 6.

Zabwino zawo ndizinene, chifukwa zinalipo. Malo anali aukhondo, opanda fungo lija limene limakulandira pakhomo m'zipatala zina za ziweto. Amphaka anali ndi kodikirira kwawo, kutali ndi agalu. Anamuyeza magazi asanamugoneke, anandifotokozera bwino nthawi yoti asiye kudya usiku wake, ndipo opaleshoni itatha anandiimbira foni ndisanayambe n'komwe kuda nkhawa. Pomutenga anandipatsa mankhwala opha ululu ndi pepala la malangizo: asadumphe, ndipo m'bokosi lake lochitiramo chimbudzi musaike mchenga kwa milungu iwiri, muike mapepala ong'ambang'amba kuti tinthu tisalowe m'mabala. Patapita masiku atatu anaimbanso kufunsa mmene Phulusa alili, akumutchula dzina. Pa kalandiridwe ka anthu, palibe chimene ndingawanene.

Kunyumba nditatsegula kabokosi konyamulira, Phulusa sanatuluke. Anakhala momwemo mpaka madzulo. Atatuluka anayenda masitepe atatu n'kuima, n'kukhala pa miyendo yakumbuyo ngati gologolo, mapazi akutsogolo ali m'mwamba. Ankatsitsa limodzi, likangokhudza pansi n'kulinyamulanso, kulikutumula ngati waponda madzi otentha, kenako n'kuyesa linalo. M'mawa ndinapeza timadontho ta magazi pasimenti, kuyambira pamene anagona mpaka pa mbale yake ya madzi, totalikirana mofanana. Ndinakolopa msanga mwana asanadzuke. Ndinadzilimbitsa mtima kuti opaleshoni iliyonse imawawa, zipola.

Mabala anapoladi. Patatha mwezi ankathamanga, ankadya, ndipo mpando wathu unapuma. Apa mpamene ndikanapereka nyenyezi zija. Chimodzi chokha chinkandikhudza: sanasiye kukanda. Akadzuka ankapitabe pambali yomwe ija ya mpando, kuimirira, kutambasula msana, n'kumapalasa ndi mapazi ake ofewawo. Kale zikatero m'nyumba monse munkamveka kwee, kwee. Tsopano kunali zii, munthu ukungoona mapazi akutsetsereka pansalu. Alendo ankaseka. Inenso ndinkaseka nawo.

Zina zinabwera pang'onopang'ono moti sindinazilumikize ndi opaleshoniyo. Phulusa ankakonda kugona pamwamba pa kabati ya zovala. Kukwera anapitiriza kwa kanthawi, koma kutsika kunayamba kumuvuta. Ankaima m'mphepete nthawi yaitali, kusuzumira pansi, kubwerera, kusuzumiranso, kenako n'kutsikira pabedi, pabedi n'kutsikira pampando. M'kupita kwa nthawi anasiyiratu kukwerako. Tinati wanenepa. Chaka chachiwiri anayamba kukodza kunja kwa bokosi lake, ndipo ankasankha malo ofewa okhaokha: kansalu kopondapo kubafa, mulu wa zovala zochapa, tsiku lina jekete ya bambo a kunyumba imene anaisiya pabedi. Tinati ndi mwano. Kenako kuluma. Mphaka amene kale ukamusowetsa mtendere ankayamba wakumenya ndi phazi ngati chenjezo, tsopano ankangofikira mano. Ukamusisita msana kufika cha m'chiuno, khungu linkanjenjemera, n'kutembenuka kukuluma. Bala la mano a mphaka ndi laling'ono pakamwa koma lakuya, ndipo limatupa msanga. Ine linanditengera kuchipatala cha anthu kamodzi, dzanja litatupa ngati mpira. Tinachotsa zikhadabo poopa kukalidwa, n'kupeza zoposa pamenepo.

Zaka zonsezo ndinkamukalipira. Mawu amene ndinamunenera chifukwa cha jekete ija sindingawalembe pano.

M'chaka cha 6 anayamba kutsimphina ndi phazi lamanzere, ndipo ankalinyambita usiku wonse. Nditayang'ana ndinaona chala chimodzi chatupa, pali kabowo kotuluka mafinya. Nthawi imeneyo tinali titasamuka, ndiye ndinapita naye kwa dokotala wina, mayi wachikulire wosachulutsa mawu. Anamugwiragwira mapazi, anamusindikiza msana Phulusa n'kulira, kenako anati amujambule X-ray. Atabwera ndi chithunzi sanayambe wandionetsa. Anati, "Mayi, tabweretsani dzanja lanu." Anagwira chala changa cha mkombaphala, n'kuchipinda pa mfundo yomaliza, imene ili m'munsi mwa chikhadabo, n'kuikapo cholembera chake mopingasa. "Anadula apa. Zala zonse 10."

Ndinangoti kakasi. Ndinayankha zopanda nzeru, kuti pa fomu panalembedwa zikhadabo. Iwo anati, "Inde, amalemba choncho."

Kenako anandifotokozera zimene ndinayenera kumva tsiku la fomu lija. Chikhadabo cha munthu chimamera pakhungu. Cha mphaka chimamera kuchokera m'fupa lomaliza la chala, ndipo ziwirizi n'zogwirana zolimba. Palibe njira yochotsera chikhadabo kuti chisamerenso popanda kuchotsa fupalo, ndipo pochotsa fupa amadulanso minyewa ndi mitsempha imene imaligwira. Mphaka ali ndi zala 5 phazi lililonse lakutsogolo ndi 4 lililonse lakumbuyo, zonse pamodzi 18. Tikamati achotsa zakutsogolo zokha, ndiye kuti adula kakhumi. Madokotala amaitcha onychectomy. Ena amadula ndi mpeni wa opaleshoni, ena ndi laser (kuwala kwamphamvu kodula mnofu), ena ndi chodulira chofanana ndi chimene amawengera zikhadabo za agalu. Laser imachepetsa kutaya magazi, ndipo amene amaigwiritsa ntchito amakonda kuitchula ngati njira yamakono, koma fupa lochoka ndi lomwelo.

Pachithunzi paja anandilozera timadontho toyera kumapeto kwa zala zitatu. Tinali tizidutswa ta fupa timene tinatsalira podula. Pa chimodzi, chikhadabo chinali chitayambanso kumera, chopindika, mkati mwa mnofu mopanda potulukira, ndipo ndicho chinachititsa chotupa chija. Anati mphaka saponda ndi phazi lonse ngati ife, amayenda chonyang'ama, thupi lonse lili pa zala. Ukachotsa fupa lakumapeto, amapondera nsonga ya fupa lotsatira, limene silinapangidwe kuti lizigunda pansi, ndipo pakakhala kachidutswa ndiye kuti sitepe iliyonse akuponda kamwala. Pothawa ululuwo amasintha kayendedwe, msana n'kuyamba kuwawa. Mchenga wa m'bokosi umamubaya, n'chifukwa chake ankafuna zovala zofewa. Ndipo mphaka sadandaula ngati galu. Akamva kuwawa amangochepetsa zochita, kubisala, kugona kwambiri, ife n'kumati wakula, wafatsa.

Nditafika kunyumba ndinafufuza ndekha, mwina pofuna kupeza wonditsimikizira kuti zangochitikira ine. Ndinapeza kafukufuku wa dokotala wa ziweto Nicole Martell-Moran ndi anzake, amene anatuluka mu 2017 m'magazini ya madokotala a ziweto yotchedwa Journal of Feline Medicine and Surgery. Anayerekeza amphaka 274, theka ochotsedwa zikhadabo, theka osachotsedwa. Mwa ochotsedwawo, 63 pa 100 alionse anapezeka ndi tizidutswa ta fupa totsalira. Ululu wa msana, kukodza kunja kwa bokosi ndi kuluma zinapezeka kwambiri mwa ochotsedwawo kusiyana ndi anzawo. Ndinkawerenga ngati munthu wina wakhala m'nyumba mwanga zaka 6 akulemba zonse zimene Phulusa ankachita.

Anamuchitanso opaleshoni yochotsa tizidutswa tija. Inathandiza kwambiri. Anasiya kutsimphina, ndipo titasintha mchenga n'kuika wosalala ngati ufa, anabwerera m'bokosi lake. Kuluma kunachepa. Msana umamuvutabe, makamaka kukazizira, ndipo ali ndi mankhwala amene amamwa. Zala zake sizingabwerere, ndipo panja satuluka, chifukwa galu atamuthamangitsa sangakwere mtengo bwinobwino kapena kudziteteza.

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti zimenezi sizinali zachinsinsi. Pangano la mayiko a ku Ulaya loteteza ziweto za pakhomo, la mu 1987, linaletsa kale opaleshoni imeneyi pokhapokha pali chifukwa cha matenda. Ku Britain ndi yoletsedwa pansi pa lamulo la Animal Welfare Act la mu 2006, ndipo Israel inaletsa mu 2011. Ku America, kumene inafala kwambiri, mzinda wa West Hollywood unayamba kuletsa mu 2003, Los Angeles ndi San Francisco mu 2009, Denver mu 2017. New York inakhala chigawo choyamba kuletsa mu 2019, Maryland n'kutsatira mu 2022. Ndiye kuti tsiku limene ndinkachonga kabokosi kaja, panali mayiko amene dokotala akanaimbidwa mlandu pa chinthu chomwecho. Ine anandiuza kuti ambiri amachitira limodzi.

Sindikunena kuti dokotala asadule chala cha mphaka zivute zitani. Pakakhala chotupa cha khansa pachala, kapena chala chaphwanyika moti sichingapole, kudula n'kuchiza, ndipo malamulo onse ndatchulawa amalola zimenezo. Ndamvanso anthu akunena kuti bola kuchotsa zikhadabo kusiyana n'kutaya mphaka, ndipo mawu amenewa ndimawamvetsa chifukwa anali a m'nyumba mwanga momwe. Koma nthawi imene tinatsala pang'ono kumupereka Phulusa kwa ena sinali ya mpando wong'ambika ayi. Inali ya mkodzo pa jekete ndi dzanja lotupa. Ena amati amachotsa chifukwa m'nyumba muli wodwala amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chochepa. Ngakhale bungwe la CDC, loona zopewa matenda ku America, sililangiza zochotsa zikhadabo pa chifukwa chimenechi. Limalangiza kupewa masewera olimbana ndi mphaka, kutsuka bala msanga, ndi kuthana ndi nthata, popeza kachilombo ka Bartonella kamene kamadwalitsa munthu akakalidwa kamafalitsidwa ndi nthata pakati pa amphaka. Palinso opaleshoni ina imene ena amaitsatsa ngati yofatsa, yodula mtsempha wotulutsa chikhadabo m'malo modula fupa. Zikhadabozo zimapitiriza kukula, zimakhuthala, mphaka sangathe kuzinola yekha, ndipo ukaiwala kuwenga zimapindikira m'phazi. Imeneyonso ine ayi.

Zaka ziwiri zapitazo mwana wanga, yemwe uja wa tsaya, amene panopa chipsera chake sichioneka n'komwe, anabwera ndi kamphaka kofiirira kamene tinakatcha Kamoto. Mtima unagunda nditaona tizikhadabo take ngati singano. Ndinapita nako kwa dokotala wachikulire uja, ndipo wothandizira wake anakhala nane pansi kwa mphindi zosakwana 20 kundiphunzitsa kuwenga. Umagwira phazi, n'kusindikiza pang'ono pakati pa chala, chikhadabo chimatuluka chokha. Ukachiyang'ana poyera umaona mbali yoyera kunsonga ndi mbali yofiirira chakutsinde. Yofiirirayo ili ndi magazi ndi mitsempha, siikhudzidwa. Umangodula kansonga kopindika kaja basi. Ndimachita zimenezi pakatha milungu iwiri kapena itatu, Kamoto akakhuta ndipo tulo tayamba kumugwira. Akakana pa chala chachitatu ndimamusiya, zotsalazo mawa. Kamodzi ndinapitirira muyeso, kunatuluka kadontho ka magazi, anandikwiyira mpaka madzulo, kenako zinatha.

Wothandizira uja anandiuzanso chifukwa chimene mphaka amakandira, ndipo ndinachita manyazi kuti ndaweta mphaka zaka zonsezi osadziwa. Chikhadabo chimakula m'magawo, ndipo akamakanda amavula chikamba chakale. Tizikamba timeneti ndimatitola pansi, topindika ngati mwezi watsopano. Amakandanso pofuna kuongola msana ndi mapewa, komanso kusiya fungo lake, popeza pakati pa zala pali timatumba totulutsa fungo limene ife sitilimva. Kumuletsa sikutheka. Chotheka n'kumupatsa pokanda.

Chokandapo choyamba chimene ndinagula chinali chachifupi ndi chopepuka. Kamoto anachiyesa kamodzi, chinamugwera, sanachiyandikirenso. Chachiwiri ndi mtengo wautali wokulungidwa ndi chingwe cha khonje, wokhala ndi tsinde lolemera losagwedezeka, wotalika moti akaimirira n'kudzitambasula safika pamwamba. Poyamba ndinachibisa pakona kuti chisaipitse pabalaza, ndipo sanachigwiritse ntchito. Nditachiika pafupi ndi pamene amagona, anayamba tsiku lomwelo, chifukwa mphaka akangodzuka chinthu choyamba n'kukanda. Pa miyezi yoyambirira ndinayesanso tizipewa ta pulasitiki yofewa timene amamata pa zikhadabo ndi guluu. Timagwira ntchito: akakanda nsalu siing'ambika, ndipo timagwa tokha pakatha milungu 4 mpaka 6 chikhadabo chikamakula. Kungoti kumata n'chintchito cha anthu awiri, tsiku loyamba anazula tiwiri ndi mano, ndipo umafunika kumayang'ana kuti kena kasakanirire mpaka kufika pamnofu. Kwa mphaka wotuluka panja sindingalangize, chifukwa amafunika zikhadabo zake zakuthwa. Ife tinasiya atazolowera mtengo wake. Kodi mipando yathu ilibe chizindikiro chilichonse? Chilipo, pakona imodzi pali ulusi wotuluka. Ndinaphimbapo kansalu.

Ndiye nyenyezi zija. Pa ukhondo, ulemu ndi kuimba foni, chipatala choyamba chija chikhoza kusunga zisanu zake. Pa zimene chinandilonjeza, chinakwaniritsa, mpando sunang'ambikenso. Koma kuyambira pakauntala mpaka pa pepala la malangizo, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula mawu akuti fupa kapena kudula. Palibe anandifunsa ngati ndinayesapo kuwenga, kapena ngati m'nyumba muli pokanda. Kabokosi kaja kanali pamzere umodzi ndi zinthu ngati katemera ndi mankhwala a njoka zam'mimba. Ndikanasayinabe akanandigwira chala n'kundionetsa? Ndimafuna kukhulupirira kuti ayi. Mwina mkwiyo wa tsaya la mwana ukanandisayinitsabe, koma bwenzi mlanduwo uli wanga ndekha, ndikuudziwa. Pa ntchito imeneyi ndikupereka nyenyezi imodzi, poti malo olembapo salola kusiya popanda kanthu.

Chaka chatha ndinadutsa dera limene tinkakhala kale ndipo ndinalowa m'chipatala chija, chithunzi cha X-ray chili m'foni, mawu nditakonzeka nawo kuyambira m'galimoto. Pakauntala panali mnyamata wachilendo. Ndinapempha kuona fomu ya opaleshoni, ndipo kabokosi kaja panalibe. Anati anasiya kalekale, iye asanayambe ntchito. Anafufuza pakompyuta, n'kupeza dzina, n'kumwetulira: "Phulusa! Ali bwanji masiku ano, mayi?" Ndinati ali bwino, wakalamba. Foni sindinaitulutse.

Mpando wa sofa uja tinautaya patangotha zaka zinayi, masipuling'i ataphwasuka pakati, nsalu ya mbali yotsamirako mkono isanang'ambikenso. Phulusa tinamuikira kabokosi kathabwa m'mbali mwa bedi kuti azikwera ndi kutsika pawiri. Kamoto akamakanda mtengo wake m'mawa, iye amabwera n'kuima pambali kudikira. Mnzakeyo akachoka, amaimirira pamalo omwewo n'kupalasa khonje lija kangapo, kenako amapita kukamwa madzi.